Mfundo Yopotera Kumanzere

Pikapu yoyera ija inalowa pageti pa galaja ikukokedwa ndi chingwe, ndipo mwini wake, mayi wogulitsa mazira, anatsika atalusa kale. Anali atayenda magalaja atatu. Koyamba anamusinthira sensa, kwachiwiri anamasula mpope wa dizilo n'kuubwezeranso mmene unalili, kwachitatu anamuuza kuti kompyuta ya injini yafa, akafune ina. Amakaniko ambiri a masiku ano ndi choncho. Akalumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero, kamakinako n'kuwalembera nambala, basi, mutu aupinda n'kuuika m'thumba. Chimene kamakina katchula ndicho amazula, ngakhale chilibe mlandu.

"Ndamva kuti inu simuthamangira kusintha zinthu," anatero mayiyo. "Ndiye mverani zimene imachita. M'mawa imalira bwinobwino. Ikatentha, kapena ndikagunda bampu, imangozima, kanyali kachikasu kaja n'kuyaka. Ndikadikira ola limodzi imaliranso ngati siinalakwe kanthu. Dzulo ndiye yakaniratu, mazira anga ali padzuwa kumbuyoko."

Mwini galajayo, amene anthu ankangomutcha Wamawaya, anagwedeza mutu n'kupempha kiyi. Anali munthu wa imvi zoyambirira, wosalankhulalankhula, wogwira ntchito yekha pansi pa denga la malata limene theka lake linali latsopanoko kuposa linzake. Pabenchi pake panali mabotolo a fyuzi, mita yakale ya singano yoyezera magetsi, ndi babu yoyezera moto imene chogwirira chake chinasalala ndi manja. Anauza mayiyo kuti abwere mkuja.

Anayamba ndi zotopetsa zimene anzake amazidumpha. Anayeza batire, linali lamphamvu. Anazula fyuzi imodziimodzi n'kumaiyang'ana padzuwa, zonse zinali zamoyo. Atatembenuza kiyi, sitata inazungulitsa injini mpaka kutopa, koma kumbuyo sikunatuluke utsi ngakhale pang'ono, kusonyeza kuti dizilo sakufika n'komwe. Apa ndi pamene analumikiza kamakina kake. Kanamulembera madandaulo asanu ndi awiri: sensa iyi sikuyankha, mpope ulibe mphamvu, ichi chakana, icho chasowa. Anaseka chamumtima. Zinthu zisanu ndi ziwiri sizifa tsiku limodzi. Kompyuta ikamadandaula za aliyense, ndiye kuti iyoyo ndi imene moto sukuifika bwino, ikubwebweta ndi njala.

Anasiya kiyi yotsekula, n'kuyamba kugwedeza mitolo ya mawaya umodziumodzi, diso lili pa dashibodi kudzera pagalasi. Wa kuseri kwa injini, palibe. Wa pafupi ndi nyali, palibe. Atagwira mtolo wodutsa pansi pa batire, kanyali kachikasu kanaphethira. Anatsitsa batire n'kuliika pampando, namasula chitsulo chimene limakhalapo. Pansi pake zinaoneka kuti nthawi ina asidi anadontha n'kudya mawaya, ndipo munthu wina anakonzapo.

Atasenda chikuto chakunja cha mtolowo, anapeza mfundo zisanu. Sizinali pamalo amodzi ngati za anthu aulesi, zinali zotalikirana, ina patsogolo pa inzake, kuti zisadzakhudzane. Iliyonse inali yokulungidwa ndi tepi yakuda, ndipo kumapeto kwa tepiyo kunali kakhutu kopinda, koti wodzamasula pambuyo asavutike kukanda ndi chikhadabo. Wamawaya anakoka kakhutu ka mfundo yoyamba, tepi inamasuka mosavuta. Mawaya anali opotera kumanzere, omatidwa ndi mtovu wosalala ngati wochita kunyambita.

Anakhala pansi pasimenti, pulaya ili m'manja.

Munthu aliyense amapota waya kumanja. Dzanja limangopita lokha. Pa moyo wake wonse Wamawaya anadziwa mmisiri mmodzi yekha wopotera kumanzere n'kusiya kakhutu pa tepi, ndipo ameneyo anali mkulu wake wobadwa naye bere limodzi, amene anthu ankamutcha Manzere. Panali patatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanamuone.

Nkhani yake inali yotere. Galaja yomweyi inali ya bambo awo, ndipo Manzere ndiye anali dzanja lawo. Tsiku lina kunabwera minibasi imene inkangopsereza fyuzi. Manzere anati apite m'tauni kukafuna zina, nauza mng'ono wake kuti asakhudze kanthu mpaka abwere. Koma mng'onoyo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankafuna kuonetsa kuti nayenso ndi munthu. Anatenga kachidutswa ka waya wonenepa n'kukakhomera pamalo pa fyuzi. Nyali zinayaka, wailesi inaimba, iye n'kupita kukadya akudzimva ukatswiri. Fyuzi ntchito yake ndi kufa kuti galimoto ipulumuke. Waya wonenepa safa. Pamene ankasamba m'manja, utsi unali utakwera kale, ndipo moto unatenga minibasiyo pamodzi ndi theka la denga.

Manzere anafika fyuzi zili m'thumba, anthu atadzaza pageti. Bambo awo, pamaso pa mwini minibasi ndi khamu lonselo, anafunsa kuti wagwira galimotoyi ndani. Manzere anayang'ana mng'ono wake kamodzi kokha, kenaka anayang'ana pansi. Sananene kanthu. Bambowo anamumenya mbama, munthu wa ndevu zake, n'kumuuza kuti dzanja lakelo ndi latsoka chibadwire, achoke asadzapondenso pakhomo pawo. Mng'onoyo anali chiimire pomwepo, lilime lili m'kamwa. Ankati anena madzulo. Madzulo ankati anena mawa. Kutacha, bedi la Manzere linali loyalula ndipo chikwama cha zitsulo chinali palibe. Bambo awo anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa chilichonse.

Wamawaya anafufuza, tisamunamizire. Anafunsa madalaivala a malole, analembera makalata achibale akutali, anakwera basi kawiri kupita kumene anthu ankati anamuonako. Pambuyo pake anasiya kufunsa anthu n'kuyamba kufunsa magalimoto. Galimoto iliyonse yochokera kutali ankaisuzumira pansi pa dashibodi ngakhale vuto lake lili kumbuyo, kufuna kuona ngati angapeze kakhutu ka tepi. Ankamusowa mkulu wake, palibenso mawu ena oti tikometsere. Ankasowa mluzu wake wam'mawa, ankasowa mmene ankamukokera khutu akalakwitsa mtundu wa waya, ndipo koposa zonse ankafuna mphindi imodzi yokha yoti aime pamaso pake n'kunena kuti ndinali ine, ndipo ndinakhala chete.

Ndiye lero nayi ntchito ya manja ake, pansi pa batire la mayi wa mazira.

Tsono taonani zimene munthu amachita. Wamawaya, amene ankanyoza anzake kuti amathawa kuganiza, anabwezera tepi ija bwinobwino, kakhutu n'kukasiya pamwamba, n'kuyamba kufuna vuto kwina. Anamasula potembenuzira kiyi n'kupukuta. Anatulutsa kompyuta kuseri kwa dashibodi, naitsekula, nainunkhiza ngati muli fungo lakupsa, naiyang'ana ndi galasi lokulitsa. Munalibe kanthu. Anatsata waya aliyense kuchokera ku kompyuta mpaka ku injini, koma akafika pafupi ndi mfundo zija ankazilambalala ngati munthu wolambalala nyumba ya apongozi. Mumtima ankangoti mfundo ya Manzere siduka. Galimoto itha kuola yonse, mfundo n'kutsala. Tsiku lonse lachiwiri linatha choncho, ndipo nthawi yopuma ankakhala pa tayala lakale, tiyi akuzizira, akuyang'ana timakutu tisanu tija.

Tsiku lachitatu mayi wa mazira anafika dzuwa lisanatenthe. Anazungulira galimoto yake, naona dashibodi yomasula, mawaya ali lende, batire lili pampando litalumikizidwa ndi zingwe zazitali.

"Bambo, ndinabweretsa wodwala mmodzi, apa ndikuona ngati mwamuchita opaleshoni thupi lonse. Nthenda mwaipeza?"

"Ndatsala pang'ono."

"Pang'ono wanuyo ndi wofanana ndi wa anzanu aja?"

Wamawaya anapukuta manja pansanza nthawi yaitali. "Mayi, galimotoyi munaigula kwa ndani?"

"Kwa anthu okumba zitsime. Kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anaibweretsa ndi dalaivala wawo, chaka chatha." Anamuyang'ana mokayikira. "Bwanji? Musandiuze kuti ndi yakuba."

"Ayi. Ndikufuna kulankhula ndi amene anagwira mawaya awa."

"Ndiye kuti zakukanikani."

"Mutha kutero."

Mayiyo anapumira m'mwamba, koma anali munthu wosunga manambala. Anafufuza m'foni mwake, naimba, napereka moni mwachidule, n'kumupatsa foniyo. Mbali inayo kunamveka mawu aakulu a munthu wozolowera kulankhula injini ikulira.

"Mawaya a pikapu yoyera? Amenewo ndi a Manzere. Magalimoto athu onse ankagwira ndi iwowo, zaka khumi ndi kuposa."

Wamawaya anagwira chitseko cha galimoto. "Alipo?"

"Alipo, kungoti ntchito anasiya. Maso. Matenda a shuga anawatha maso, panopa amangoona kuti uku kwawala, uku kwada. Koma makutu, eee, galimoto ikangolowa pageti amakuuza chimene chikuivuta usanatsike. Abwana anawapatsa kachipinda kuseri kwa yadi. Timawasunga ndife, poti iwo amati kwawo kulibenso munthu."

Mawu amenewo anamulowa Wamawaya ngati msomali.

"Halo? Ali pabenchi apa akuwothera dzuwa. Ndiwauze kuti ndani?"

Apa ndi pamene akanati mng'ono wawo. Pakamwa panatseguka, koma mantha a zaka zonse zija anafika msanga. Ankaopa kuti akangotchula, munthuyo akana kulandira foni.

"Muwauze kuti ndi wamagetsi amene akukonza pikapuyo."

Kunamveka mapazi akuponda miyala, kunong'onezana, kenaka kupuma kwa munthu wina.

"Ee, ndikumva."

Mawuwo anali atalemera, atachita dzimbiri, koma anali omwewo. Wamawaya anapereka moni, mawu akutuluka movutikira, ndipo mbali inayo kunakhala chete kanthawi kochepa.

"Ndili bwino, kaya inu bambo," anatero Manzere. "Ikuchita bwanji galimotoyo?"

Wamawaya anafotokoza zonse, kuzima ikatentha, kuzima pabampu, madandaulo asanu ndi awiri, kanyali kophethira. Ankafotokoza mwadongosolo ngati mwana wa sukulu pamaso pa mphunzitsi, ndipo anadabwa kuti pa nkhani ya mawaya yokha lilime lake linkayenda.

"Waya wa eti wa kompyuta mwamuyeza?" anafunsa Manzere. Ankanena waya wobweza moto kuchokera ku kompyuta kupita ku chitsulo cha galimoto.

"Ndamuyeza. Akuonetsa kuti ndi wamoyo."

"Mwamuyeza injini ili chete. Kachingwe kamodzi kotsala kamanamiza mita. Muyezeni wina akutembenuza kiyi. Yezani, ndikudikira."

Zimenezi Wamawaya ankazidziwa. Anali atazidziwa kuyambira dzana. Anapana foni ndi phewa, nalumikiza mita mbali ya kompyuta, napempha mayi wa mazira kuti alowe atembenuze kiyi. Singano, imene inayenera kugona pansi osasuntha, inadumpha mpaka pakati. Anayamba kufinya mfundo zija ndi zala, yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Atafinya yachinayi, singano inagwa ndipo injini inatsokomola kawiri, utsi wakuda n'kutuluka kumbuyo. Atachotsa chala inazimanso.

"Ndamva," anatero Manzere. "Yachingati?"

"Yachinayi."

"Masulani muone."

Anakoka kakhutu. Mawaya anali opotera kumanzere ndithu, koma theka la tizingwe tamkuwa tinali panja, titabiriwira ndi kuola. Mtovu unali utagwera pambali n'kuuma ngati chotupa, osagwira kanthu. Mfundo yonseyo inkakhalira tizingwe titatu. Wamawaya anaiyang'ana ndipo maso ake anadzaza madzi, chifukwa anaona mkulu wake atawerama pa galimotoyi, akupapasa, akuyesetsa kuti wina asazindikire.

"Mtovu sunagwire," anatero motsitsa.

"Ndinadziwa. Tsiku limenelo ndinkaona mawaya awiri pamene panali mmodzi. Zitatu zoyambazo ndinamata m'mawa kukuwala. Pofika yachinayi mtambo unabwera, ndinangomata mwa chizolowezi. Sindinauze munthu. Imeneyo ndi galimoto yomaliza imene ndinagwira."

"Zinazo ndi zabwino kwambiri. Sindinaone ntchito yotere kwa zaka zambiri."

"Musandinyengerere, bambo. Ntchito yoipa ndi yoipa. Dulani uku ndi uku, mubwerere m'mbuyo mpaka mupeze mkuwa wowala, muikepo waya watsopano. Yachisanuyonso muione, sindikuikhulupirira."

Wamawaya anatenga chodulira n'kuchiika pa waya. Dzanja linakana kufinya. Mayi wa mazira anali atatuluka m'galimoto, akumuyang'ana, ndipo nthabwala zinali zitamuthera.

"Sindikufuna kuidula," anatero.

"Chifukwa?"

Foni inangokhala pakhutu, anthu awiri akupumirana. Mbali inayo kunkamveka wina akumenya chitsulo chapatali.

"Mawu ako akalamba, iwe," anatero Manzere.

Wamawaya anakhala pakhomo pa galimotoyo. Pamsewu wonsewo iye anali inu. Makasitomala ankati inu, ana ake ankati inu, mkazi wake ankati inu. Anthu amene anali ndi ufulu womunena kuti iwe anali atatha mmodzimmodzi, ndipo sanadziwe kuti ankalisowa liwu limeneli mpaka pamene linamugwera m'khutu.

"Achimwene."

"Ndinakuzindikira pa moni pomwe. Umameza mawu omaliza ngati bambo."

"Achimwene, pali zimene ndakhala ndikufuna kukuuzani. Za minibasi ija. Tsiku lija ine..."

"Amayi alipo?"

Funsolo linabwera mothamanga, ngati la munthu amene walisunga m'kamwa nthawi yaitali ndipo akuopa kuti akachedwa sadzalifunsanso. Wamawaya anatseka maso.

"Anatisiya. Zaka zitatu zapitazo, nthawi ya mvula. Tinakufunani, achimwene. Tinalengeza ndi pawailesi pomwe."

Chitsulo chija chinalekanso kulira.

"Anavutika?"

"Osati kwambiri. Anagona masabata awiri okha." Akanatha kulekera pomwepo, koma anali atatopa ndi kubisa zinthu. "Ankangotiletsa kukhoma geti. Ankati mwina mubwera ife titagona, ndiye mungabwerere panja poti simukonda kugogoda."

Anamva mkulu wake akukoka mpweya, kamodzi, kawiri, ngati munthu wokwera chitunda ndi katundu. Anadikira. Ankafuna kumva chilichonse, ngakhale kutukwana.

"Dula mfundoyo," anatero Manzere pomaliza, mawu ali osweka. "Kasitomala wakoyo akudikira galimoto yake."

"Achimwene, dikirani, sindinamalize."

Koma kunamveka kukwekwesa, ndodo ikugogoda miyala, chitseko chamalata chikutsekeka chapatali. Kenaka mawu aakulu a dalaivala aja anabwereranso, ulendo uno atatsika.

"Halo? Alowa m'chipinda mwawo, atseka. Zaka zonsezi sindinawaonepo chonchi. Mwawauza chiyani, bambo? Kaya mwamaliza, ndidule?"

"Musadule," anatero Wamawaya. Anaimirira, chodulira chija chinagwera pansi pa injini. "Chonde musadule. Ine ndine mng'ono wawo."

"Mng'ono wawo? Iwo aja amati..."

"Ndamva zimene amanena. Ndiuzeni njira. Muyambire pamene basi imatsitsa anthu."

Anapapasa m'matumba, munalibe cholembera. Mayi wa mazira anatsekula chikwama chake n'kumupatsa chake, natenga thireyi ya mazira yopanda kanthu kumbuyo kwa pikapu, naitembenuza, namugwirira pa chitseko kuti alembepo. Dalaivala anayamba kutchula misewu ndi pokhotera, koma zilembo za Wamawaya zinkagwera m'maenje a thireyiyo.

"Pepani, bwerezani," anatero. "Pang'onopang'ono. Mwati ndikadutsa mlatho ndikhotere kuti?"